Ndege zolondera nyanja zikagwa pa nthawi ya nkhondo, anthu ake ankapulumutsidwa bwanji?

Mdzukulu wa Keyala, Makhanga

Ndikupereka moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndili ndi funso limene lakhala likundizunguza mutu kwa zaka zingapo, ndipo ndaona kuti ndilitule pano chifukwa pakati panu pali ena amene munawerenga kwambiri za Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse.

Agogo anga aamuna, amene anatisiya ndili mnyamata, anali msilikali wa Keyala, ndipo anali m'gulu la asilikali amene anakwezedwa sitima ku Mombasa kupita ku Ceylon (lero Sri Lanka) asanakalowe m'nkhalango za ku Burma. Za kunkhondo kwenikweniko sankakonda kufotokoza, koma za ulendo wa panyanja ankazibwereza kawirikawiri madzulo, tikayala mphasa pabwalo pothawa kutentha kwa m'nyumba. Ankati masiku ena kunkabwera ndege yokhala ndi mimba ngati ya bwato, imene inkazungulira pamwamba pa sitima zawo pang'onopang'ono monga imachitira nkhwazi ikamasaka nsomba, ndipo ikangooneka asilikali onse mitima inkakhala pansi, podziwa kuti sitima za adani zoyenda pansi pa madzi ziopa kuvuuka. Tsiku lina anamva kwa amalinyero kuti ndege zomwezo nazonso zinkagwa, ndipo anthu ake ena sankapezeka n'komwe. Zimenezi zinkawadabwitsa agogo mpaka ukalamba wawo, ndipo funso lawo ndi limene ndalitenga ine: ngati ndegeyo inapangidwa kuti izitera pamadzi, inkalephera bwanji kuyandama, nanga anzawo a ndege zina ankalekeranji kungotera n'kuwatola?

Ndisabise chimene chikundichititsa kufunsa. Mu Januwale 2015, pamene mtsinje wa Ruo unasefukira n'kudzilambulira njira yatsopano m'minda mwathu, ine, mkazi wanga, ana athu awiri, apongozi anga ndi anansi ena tinagona masiku awiri pa chulu chimene chinali kumapeto kwa munda wathu, madzi atatizinga mbali zonse. Helikopita inadutsa kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo inadutsa pafupi moti tinkamva kugunda kwake m'chifuwa. Tinakupiza zitenje, tinakuwa mpaka mawu kusasa, koma inapitirira. Amene anatipeza anali abambo awiri a pabwato, amene anamva kulira kwa mwana wathu wamng'ono akupalasa m'mbali mwa mizere ya chimanga chomira. Kwa nthawi yaitali ndinasunga mkwiyo mumtima, poganiza kuti a m'ndege aja anationa koma anatinyalanyaza. N'chifukwa chake ndikufuna kudziwa mmene zinkakhalira kwa anthu amene ntchito yawo inali yofufuza anzawo pa nyanja yaikulu, kuti mwina ndimvetse zimene zimaoneka ndi zimene sizioneka munthu akakhala m'mwamba.

Mphunzitsi wopuma, Nchalo

Achimwene a ku Makhanga, pepani kwambiri ndi zimene munadutsamo pamodzi ndi banja lanu, ndipo zikomo potikumbutsa za agogo anu. Ndiyesa kuyankha mbali yoyamba ya funso lanu, chifukwa ndi imene ndinaiwerenga kwambiri pa zaka zimene ndinkaphunzitsa mbiri yakale.

Ndege imene agogo ankaiona iyenera kuti inali Catalina kapena Sunderland. Catalina inkapangidwa makamaka ku America ndi ku Canada, inali ndi mainjini awiri, ndipo ngakhale inkayenda pang'onopang'ono, pafupifupi makilomita 200 pa ola, inkatha kukhala m'mwamba maola opitirira 15 osatera, zimene zinkafunika kwambiri polondera sitima. Zinapangidwa pafupifupi 3,300. Sunderland inali ya Angelezi, yaikulu kuposa inzakeyo, ya mainjini anayi. Kumbali yathu ino ndege zoterezi zinkanyamukira ku Mombasa, ku Diego Suarez pa chilumba cha Madagascar, ku Durban ndi pa nyanja ya St Lucia ku South Africa, komanso ku Koggala ku Ceylon komwe agogo anu ankapita. Achikulire a ku Mangochi amakumbukiranso ndege za mtundu womwewu, koma zonyamula anthu wamba, zimene zinkatera ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950, ndipo muone kuti eni ake anasankha malo otchingidwa ndi zilumba ndi mapiri, osati pakati pa nyanja pamene mwera umalusa. Yankho la funso la agogo anu lagona pamenepo.

Mimba ya ndegezi sinali yolimba ngati ya sitima. Inali ya malata opyapyala a aluminiyamu olumikizidwa ndi timisomali tambirimbiri, chifukwa chinthu chimene chiyenera kuuluka sichingalemere. Ife a kuno tikudziwa kuti madzi ndi ofewa kwa munthu wolowamo pang'onopang'ono, koma mwana akadumphira mu Shire kuchokera pagombe lalitali n'kufikira pamimba, amatuluka akulira ngati wamenyedwa ndi thabwa. Tsono ganizirani chinthu cholemera matani ambiri chikukhudza madzi pa liwiro loposa makilomita 100 pa ola, ndipo madziwo si osalala, koma ndi mafunde a nyanja yamchere amene amayenda ngati zitunda zazitali ngakhale tsiku lopanda mphepo. Ndege ikagunda chitunda chimodzi molakwika, timisomali tinkathothoka, mphuno inkaphwanyika, kapena kachoyandamitsa ka kunsonga kwa phiko kankathyoka, phikolo n'kumira, ndege yonse n'kupendekeka. Kunyamuka kunali kovuta kuposa kutera. N'chifukwa chake akuluakulu ankhondo ankaletsa kutera pakati pa nyanja, ngakhale kuti m'masabata oyambirira a nkhondo, pa 18 Seputembala 1939, ma Sunderland awiri anaterapo bwinobwino n'kupulumutsa amalinyero 34 a sitima ya Kensington Court.

Zogwetsa ndegezi zinali zambiri, ndipo si zonse zimene zinkachokera kwa adani. Zinkanyamuka usiku zitalemedwa ndi mafuta ndi mabomba, zinkauluka m'munsi kwa maola ambiri m'chifunga ndi m'mvula, ndipo wolondolera njira ankadalira kampasi, wotchi, nyenyezi ndi maonekedwe a mafunde, moti kulakwitsa pang'ono kunkatanthauza kuti mafuta atha mtunda usanaoneke. Kuyambira mu 1943 sitima za Ajeremani zoyenda pansi pa madzi zinayamba kumakhala pamwamba n'kumawombera ndege m'malo mothawira pansi, ndipo popeza ndege inkayenera kutsika kwambiri kuti mabomba ake agwere pamalo oyenera, inkalowa m'kamwa mwenimweni mwa mfuti. Gulu la Angelezi lolondera nyanja, la Coastal Command, linataya ndege zoposa 2,000 ndi anthu pafupifupi 5,900 pa nkhondo yonseyo.

Nkhani imene imandionetsa bwino kuopsa kwa kutera ndi ya kumapeto kwa Meyi 1943. Anthu a ndege ya Whitley, yosatera pamadzi, imene inagwa m'nyanja anali m'kabwato kawo ka labala kopopa, ndipo Sunderland ya gulu la a ku Australia lokhala ku Pembroke Dock ku Wales inawapeza n'kuyesa kutera. Inagunda funde, inaphwanyika, woyendetsa wake anafa, ndipo otsalawo, amene anabwera kudzapulumutsa anzawo, nawonso anasanduka ofunika kupulumutsidwa. M'mawa mwake Sunderland ina, yoyendetsedwa ndi Gordon Singleton, inatera n'kutola magulu onse awiri, koma sikanatha kunyamuka ndi katundu wotere, mpaka sitima yankhondo ya Afalansa yotchedwa La Combattante inafika n'kutenga opulumukawo. Singleton atayesa kunyamuka ndi anthu ochepa, funde linang'amba chibowo chachikulu pamimba pa ndege. Anauluka ndithu, koma podziwa kuti akatera pamadzi amira, anakaigoneka ndege ya pamadziyo pa udzu wa bwalo la ndege la ku Angle ku Wales, ndipo onse anatuluka amoyo. Ndege ziwiri zinathera pa ntchito imodzi yopulumutsa.

Koma nkhani imene ikufanana kwambiri ndi yanu ndi ya David Hornell wa ku Canada. Pa 24 Juni 1944, akuuluka kuchokera ku Wick ku Scotland pa Catalina yopangidwa ku Canada, anakumana ndi U-1225, sitima ya Ajeremani yoyenda pansi pa madzi, kumpoto kwa zilumba za Shetland. Anaimiza, koma ndege yake inali itayaka, injini imodzi inathothoka n'kugwera m'nyanja, ndipo iye anaitsitsira pamafunde anthu onse asanu ndi atatu ali moyo. Mwa timabwato tawo tiwiri kamodzi kanaphulika, choncho ankasinthana, ena m'kati, ena m'madzi ozizira atagwirira chingwe. Catalina ina ya oyendetsa a ku Norway inawaona, ndipo inawazungulira kwa maola ambiri ikuitana thandizo pa wailesi, koma sinatere chifukwa nyanja inali itakalipa. Ndege ina inawaponyera bwato lenileni pa maambulera otsitsira katundu, koma mphepo inalikankhira kutali, ndipo anzake anachita kumugwira Hornell kuti asasambire kulitsatira. Pamene boti lopulumutsa linkafika patatha maola pafupifupi 21, awiri anali atamwalira kale, ndipo Hornell, amene maso anali atasiya kuona, anamwalira atangokwezedwa. Anapatsidwa Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya Angelezi yolemekeza kulimba mtima pa nkhondo, atafa. Ndimaganizira kwambiri za oyendetsa a ku Norway aja, amene ankaona anthu akutha mphamvu pansi pawo, ali ndi ndege yotha kutera pamadzi, koma akudziwa kuti kutera kungowonjezera maliro.

Namwino, Nsanje

Aphunzitsi afotokoza bwino za ndege, ndipo ine ndingowonjezera za thupi la munthu, chifukwa imfa ya Hornell, yobwera thandizo litafika kale, ndi chinthu chimene ife a zachipatala timachiopa mpaka lero.

Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, kuwirikiza koposa ka 20. M'madzi ozizira ngati a kumpoto kwa Scotland, chimene chimayamba kufa ndi zala: patangopita mphindi zochepa munthu sathanso kumanga mfundo, kutsegula chitini kapena kugwira chingwe chimene amuponyera, ngakhale mutu wake ukuganiza bwinobwino. Kenako kunjenjemera kumasiya, munthu amayamba kulankhula zosamveka ndi kuwodzera, ndipo osadziwa amaganiza kuti wapeza bwino. Tisadzinamize kuti zimenezi ndi za kumaiko ozizira okha. Thupi lathu limakhala pa madigiri 37, ndipo madzi a chigumula, ngakhale kuno kotentha, ndi ozizira kuposa pamenepo, moti munthu wokhala m'madzi kapena m'zovala zonyowa usiku wonse mvula ikugwa amazizidwa ndithu, makamaka ana aang'ono ndi okalamba. Pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndinalandira gogo wina amene anakhala m'mtengo usiku wonse. Khungu lake linali lozizira ngati mtsuko wa m'mawa, ankayankha mawu amodziamodzi, ndipo achibale ake, mwa chikondi chawo, ankafuna kumuimiritsa kuti ayende yekha ndi kumutikita miyendo kuti magazi ayende.

Izi ndi zimene timaletsa. Munthu amene wakhala nthawi yaitali m'madzi ayenera kutulutsidwa ndi kunyamulidwa chogona, mosamala, chifukwa akaimiritsidwa mwadzidzidzi magazi amathamangira kumiyendo ndipo mtima wofooka kale umatha kuima. Avulidwe zonyowa, afunditsidwe thupi lonse ndi mutu womwe, asayandikizidwe kwambiri pamoto, asatikitidwe manja ndi miyendo, ndipo asapatsidwe kachasu kapena mowa uliwonse, chifukwa mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu n'kutayitsa kutentha kotsalako. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, tiyi wofunda wa shuga amathandiza. Zambiri mwa izi madokotala anazimvetsa bwino pambuyo pake, ataona kuchuluka kwa amalinyero ndi anthu a m'ndege amene ankafa atatulutsidwa kale m'madzi.

Kumadera otentha mdani anali ludzu. Amalinyero a sitima ya ku America ya Indianapolis, imene inamizidwa pa 30 Julayi 1945, anakhala m'madzi masiku anayi, ndipo ambiri mwa amene anagonja n'kumwa madzi amchere anasokonezeka mutu n'kufa msanga kuposa anzawo, chifukwa impso zimafuna madzi ochuluka kuti zichotse mcherewo kuposa amene munthu wamwa. Kwathu kuno madzi a chigumula alibe mchere, koma amakhala atakokolola zimbudzi ndi ziweto zakufa, ndipo zotsatira zake timaziona m'misasa patapita masiku ochepa.

Woweta nkhunda, Bangula

Ine ndinakulira m'bwato la bambo anga m'dambo la Elephant Marsh, ndipo ndikufuna kuyankha achimwene a ku Makhanga pa nkhani ya kuona, kenako ndisiyane pang'ono maganizo ndi aphunzitsi, mwaulemu wonse.

Munthu amene ali pamadzi amaganiza kuti ndi wamkulu, chifukwa iye akuiona ndege bwinobwino pa thambo loyera. Wa m'mwamba akuyang'ana pansi pamene pali zinthu zikwizikwi zofanana. M'dambo mwathu ndakhala ndikudutsa pafupi ndi bwato la mnzanga osaliona chifukwa cha bango ndi namasupuni, mpaka iye atagogoda nkhafi pa bwato. Pa chigumula madzi ndi ofiira ngati dothi, zitenje zonyowa ndi matope zimatenga mtundu womwewo, ndipo paliponse pali zulu, mitengo, madenga ndi zinyalala zoyandama. Mawu anu a m'ndege sakanawamva chifukwa cha phokoso la injini. Ine ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti sanakuoneni.

Anthu a Indianapolis amene anamwino awatchula sanapezeke chifukwa choti wina ankawafuna, pakuti panalibe amene ankadziwa kuti sitima yawo yamira. Woyendetsa ndege yolondera, Wilbur Gwinn, anapita kumbuyo kwa ndege yake kukakonza waya wa wailesi umene unkavuta, ndipo ali pamenepo anayang'ana pansi n'kuona mafuta atayandama pamadzi. Choyamba kuoneka chinali mafuta, mitu ya anthu inaoneka pambuyo pake atatsika. Mwa anthu pafupifupi 1,200 amene anali m'sitimayo, anapulumuka 316 okha.

Chifukwa cha vuto lomweli, m'kabwato ka labala ankaikamo zinthu zothandiza kuti munthu aoneke: kagalasi kothwanimitsira dzuwa, ufa umene ukathiridwa m'nyanja unkasandutsa madzi kukhala obiriwira mowala, miyuni yowombera m'mwamba, wenzulo, ndiponso wailesi yopukusa ndi dzanja imene munthu ankaipana pakati pa miyendo, waya wake n'kukwezedwa m'mwamba ndi kaiti kapena chibaluni. Koma chimene chimandigwira mtima, monga munthu amene ndili ndi khola la nkhunda kuseri kwa nyumba, n'chakuti ndege zambiri za Angelezi zinkanyamula nkhunda m'timabokosi. Mu Febuluwale 1942 ndege ya Beaufort inagwa mu North Sea, nyanja ya kum'mawa kwa Britain, ndipo nkhunda yotchedwa Winkie inauluka makilomita pafupifupi 190 kubwerera kukhola lake ku Scotland, itanyowa ndi mafuta, ilibe n'kalata yomwe. Akuluakulu anawerengera nthawi imene ndege inasowa, nthawi imene mbalame inafika, mphepo ya tsikulo ndi kutopa kwa mbalameyo, n'kutumiza ofufuza kudera loyenera, ndipo anthu anayi anapezeka amoyo. Mu Okutobala 1943 nkhunda ina, White Vision, inachokera pa Catalina imene inagwa kufupi ndi Shetland wailesi itafa, inauluka molimbana ndi mphepo yamkuntho itanyamula kalata yonena malo, ndipo anthu 11 anapulumutsidwa. Aliyense woweta nkhunda akudziwa kuti mbalame yonyowa sifuna kuuluka, imangokhala pansi itafutukula nthenga, choncho zimene zinachita mbalame ziwirizi si zazing'ono.

Tsopano pamene ndikusiyana ndi aphunzitsi ndi apa. Mwafotokoza ngati kuti lamulo loletsa kutera linali lolondola nthawi zonse. Koma Adrian Marks, amene anafika ndi Catalina pamalo a Indianapolis, ataona nsomba zolusa za shaki zikugwira anthu, anaswa lamulo n'kutera, anatola anthu oposa 50, ndipo m'kati mutadzaza anagoneka ena pamwamba pa mapiko n'kuwamangirira ndi zingwe kuti asagwe. Ndegeyo sinaulukenso, ndipo anzake omwe anaimiza ndi mfuti atasamutsira anthu m'sitima, koma usiku umenewo inagwira ntchito ya bwato. Nathan Gordon nayenso, pa 15 Febuluwale 1944 ku Kavieng (lero m'dziko la Papua New Guinea), anatera kanayi ndi Catalina pamafunde aakulu adani akuwombera, ndipo anabwerako ndi anthu 15. Abambo awiri amene anakutolani pa chulu paja, achimwene, akanati adikire kuti madzi aphwe kaye, bwenzi nkhani yanu ili ina.

Mphunzitsi wopuma, Nchalo

Bambo a ku Bangula, mwanena zoona, ndipo sindikutsutsa kuti Marks ndi Gordon anachita bwino. Chimene ndikupempha n'chakuti tikamatchula amene anatera n'kupambana tizikumbukiranso amene anatera n'kufa, monga woyendetsa Sunderland yoyamba ija, chifukwa mtima umene anali nawo unali umodzimodzi, ndipo chimene chinawasiyanitsa ndi funde limene aliyense anakumana nalo. Woyendetsa ankanyamulanso miyoyo ya anzake asanu ndi atatu kapena khumi amene anali naye m'ndege. Lamulo linalipo kuti munthu asatere chifukwa cha chisoni chokha asanayeze kutalika kwa mafunde, kumene mphepo ikuchokera, ndi mtunda umene sitima yapafupi ili. Marks anaona kuti anthu akufa pamaso pake ndipo sitima zifika usiku, pamene oyendetsa a ku Norway aja anaona nyanja imene sikanawalola n'komwe. Ndimaona kuti onsewo anaweruza molondola, aliyense pa nyanja yake. Tisaiwalenso kuti ambiri opulumuka sanatoledwe ndi ndege, koma ndi maboti ndi sitima zimene ndege zinkazilondolera. Angelezi anakhazikitsa nthambi yapadera ya ntchitoyi mu 1941 ataona kuchuluka kwa oyendetsa ndege amene ankafera m'madzi pafupi ndi kwawo, ndipo pofika kumapeto kwa nkhondo inali itapulumutsa anthu oposa 13,000.

Pali nkhani ziwiri za ku Africa kuno zimene ndikufuna achimwene a ku Makhanga azidziwe. Pa 11 Ogasiti 1943, kunyanja ya kumadzulo kwa Africa kufupi ndi Dakar, Lloyd Trigg wa ku New Zealand anaukira U-468, sitima ya Ajeremani yoyenda pansi pa madzi, pa ndege ya Liberator, imene sinali yotera pamadzi. Ndege inayaka asanafike pa sitimayo, koma iye sanapatuke, anaponya mabomba ake, kenako anagwera m'nyanja, ndipo onse a m'ndegemo anafa. Sitimayo inamira, ndipo Ajeremani asanu ndi awiri amene anatsala, pamodzi ndi mtsogoleri wawo Klemens Schamong, anapulumukira m'kabwato ka labala kamene kanayandama kuchokera m'ndege yomwe inawamiza, mpaka sitima ya Angelezi ya Clarkia inawatola. Panalibe mboni ina iliyonse ya zimene Trigg anachita kupatula adani akewo, ndipo ndi umboni wa Schamong umene unachititsa kuti apatsidwe Victoria Cross.

Ina inachitikira m'nyanja imene madzi a Shire amakathera akadutsa mu Zambezi. Pa 20 Ogasiti 1944, pakati pa Mozambique ndi Madagascar, Catalina ya gulu la ndege za Angelezi la nambala 265 inaukira sitima ya Ajeremani ya U-862, koma inawomberedwa n'kugwera m'madzi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anapulumuka. Chaka chimodzi chathunthu m'mbuyo mwake, pa 20 Ogasiti 1943, ma Catalina a gulu lomwelo ndi la 259 anali atamiza U-197 kumwera kwa Madagascar. Zimene amalinyero anauza agogo anu zinali zoona, ndipo zina zinkachitikira kufupi ndi kwathu kuposa mmene ambiri timaganizira.

Mdzukulu wa Keyala, Makhanga

Aphunzitsi, anamwino, ndi inu bambo a ku Bangula, ndathokoza kwambiri. Ndawerenga mayankho anu kawiri, ndipo kachiwiriko ndimawerengera mkazi wanga mokweza.

Iye wandikumbutsa chinthu chimene ndinali nditaiwala, chakuti chitenje chimene tinkakupiza chinali chofiirira cha maluwa akuda, ndipo tinali titafunditsa nacho ana usiku wonse pa dothi la chulu, moti mtundu wake sunkasiyana ndi wa madzi otizungulira. Pamwamba pathu panalinso nthambi za mtengo umene unamera pa chulupo, umene ife tinkauyamikira chifukwa tinamangirirapo ana kuti asaterereke. Kagalasi sikakanatithandiza chifukwa dzuwa silinaoneke masiku onse awiri, ndipo moto sitikanaukoleza chifukwa machesi ndi nkhuni zonse zinali zitanyowa. Chimene chikanathandiza ndi nsalu yowala kwambiri yosungidwa m'pepala la pulasitiki, ndi wenzulo woitanira a mabwato, popeza ndi khutu limene linatipeza. Ndikapita nazo zimenezi ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi mvula isanayambe, pamodzi ndi malangizo a anamwino onyamula munthu chogona, chifukwa ife tinawaimiritsa apongozi anga atangotsika m'bwato ndipo anakomoka pomwepo, ngakhale kuti Mulungu anatichitira chifundo n'kutsitsimuka.

Ndili ndi pempho limodzi kwa aphunzitsi. Mayi anga, amene ndi mwana womaliza wa agogo aja, akadali moyo ndipo maso awo akuonabe bwino. Nkhani ya ndege ya mimba ya bwato anaimva kambirimbiri kuposa ine, koma sanaionepo ngakhale pa chithunzi. Ngati muli ndi chithunzi cha Catalina ndi cha Sunderland, makamaka zili pamadzi, chonde ikani pano kuti ndikawaonetse pa foni Loweruka likubwerali ndikapita kumudzi.